Amene Anadula Lamba wa Makina

Mayi Sajeni anafika pashopu ya telala Lolemba m'mawa, napeza anthu a pakhonde atauweruza kale mlandu. Wogulitsa tomato, wosoka nsapato, ngakhale ana oti akadakhala ali m'kalasi, onse pakamwa pawo panali dzina limodzi: Kabatani.

Kabatani anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Dzinalo anamupatsa ndi makasitomala, poti mwezi wake woyamba pashopupo ankangosokerera mabatani. Miyezi inayi m'mbuyomo anagwidwa pamsika ndi nsapato za sukulu zimene sanalipire. M'malo momutumiza kumalo otsekerako ana olakwa, woweruza anamupereka kwa mayi telala kuti aphunzire kusoka miyezi isanu ndi umodzi. Koma anamuuza mosabisa kuti mlandu wina ukangomveka, ulendo wa kumene kuja waupeza. Amene anakakamira kuti mwanayo asatsekeredwe anali Mayi Sajeni yemweyu.

Tsopano mutu wa makina osokera unali utasowa. Panangotsala thebulo lake, pakati pali chidzenje ngati pozuka dzino.

"Mwabwera, asajeni? Lowani muone zimene wandichita mwana wanu uja," anatero mayi telala, tepi yoyezera ili m'khosi, maso ali psuu. "Makina amenewa ndinagula ndili mtsikana. Andilerera ana anayi. Bambo a m'nyumba anandithawa, makinawa sanandithawepo. Lero ndidye chiyani, thebulo?"

"Chitseko anathyola?"

"Athyolerenji kiyi ali naye? Makiyi alipo awiri. Wina ali pachifuwa pangapa, wina ndinapatsa iyeyu kuti azilawirira kudzasesa. Ndinatseka Loweruka madzulo. Dzulo Lamulungu sindinapondeko kuno. Lero ndikuti nditsegule, mayo ine!"

Mtsikanayo anali atakhala pakona, pathumba la zidutswa za nsalu, manja atawapanira pakati pa mawondo. Kiyi anali m'khosi mwake pakachingwe kakuda.

"Dzulo unali kuti iwe?" anafunsa Sajeni.

"Kunyumba."

"Kiyiyo anali kuti?"

"Ndinali naye."

"Tsiku lonse?"

Kabatani anangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Sajeni anagwada pansi pa thebulo lija. Lamba wachikopa amene amazunguza makina anali lende, wodulidwa pakati, ndipo podulapo panali manomano a mpeni wobuntha. Pansi pa chopondera panali kanthu kowala. Anakatola. Unali mpini wa supuni, kunsonga kwake atakupala pasimenti mpaka kuphwatalala ngati sikuludiraiva. Anauyang'ana kanthawi, mtima ukumuuza kuti chinthu chotere anachionapo, ndipo sikunali kwa telala. Anauponya m'thumba la yunifolomu.

"Mayi, mukafuna kuthira mafuta m'makinamu, lamba mumamuchotsa bwanji?"

"Aa, umangomukankha ndi chala gudumu likuzungulira, amavuka yekha."

"Uyu amadziwa zimenezo?"

"Amachita Lachisanu lililonse. Ndinamuphunzitsa ndekha."

"Nanga uyu wadulidwa ndi mpeni."

Mayi telala anawerama, nagwira lamba uja ngati akugwira bala la mwana. "Mwina anali pachangu."

"Kucheka chikopa chotere ndi kukankha ndi chala, chachangu n'chiti? Nanga sikuludiraiva wanu amakhala kuti?"

"M'dirowamu." Anakoka dirowa. Sikuludiraiva anali momwemo, pamwamba pa choko ndi mapini. Kenako mayiyo anapisa dzanja m'kachikwama kake, natulutsa kachitsulo kozungulira. "Ndipo kosungira bobini ya ulusi wapansi aka ndimapita nako kunyumba Loweruka lililonse, kuti wina asamasokere makina anga ine kulibe. Popanda aka makina aja ndi chitsulo chabe. Iyeyu akudziwa." Mawu ake anali atayamba kutsika. Koma anadzigwira msanga. "Komabe kiyi ndi wake, asajeni. Chitseko sichitsegulidwa ndi mphepo."

Foni ya Sajeni inalira. Anali bwana wake wa kupolisi.

"Ndamva kuti sukulu yanu ya akuba ija yatulutsa woyamba," anatero bwanayo. "Fayilo ikhale pathebulo langa pofika folo koloko, dzina lili momwemo. Galimoto yopita kumalo a ana olakwa inyamuka mawa m'mawa, ndipo malo alipo."

*

Khomo loyandikana ndi telala linali la wometa tsitsi, munthu woti pakamwa pake sipazizira.

"Asajeni! Mwabwera kudzameta kapena kudzamanga? Ngati n'kumanga yambani ndi uyu ali pampandoyu, mutu wakewu ndi mlandu pawokha."

"Dzulo munatsegula?"

"Ine Lamulungu ndiye tsiku langa. Anthu amafuna akaoneke bwino pamaso pa Mulungu, ngakhale mitima ili ndi nsabwe. Koma magetsi anathima cha m'ma wani koloko masana, ndiye ndinatulutsa mpando panja kuti ndiziona dziko."

"Munaona chiyani?"

"Munthu. Anafika bwinobwino, n'kutsegula ndi kiyi ngati kwawo. Ine ndimati amayiwa atuma wokonza makina. Anakhalitsamo, ine mpaka ndinatha nzimbe yathunthu. Potuluka anali ndi thumba paphewa."

"Nkhope?"

"Chipewa chinafika m'mphuno. Ndiname chifukwa chiyani?"

"Mtsikana kapena mwamuna?"

Wometa uja anaika lumo pansi. "Asajeni, makina aja munawanyamulapo? Ine ndinawathandizapo amayiwa kuwasuntha, msana unandipweteka sabata yathunthu. Kamwana kaja n'koti mphepo ikakula timakagwira. Uyu anawaponya paphewa limodzi ngati thumba la masamba."

"Nanga bwanji simunanene anthu akumunyoza pakhondepo?"

"Anandifunsa ndani? Pano munthu ukayamba kuikira kumbuyo wakuba, mawa amati mumagawana." Anaseka, kenako anamenya m'manja. "Koma dikirani, pali china chimene chinandiseketsa mpaka misozi. Kubwalo la mpira uko ana anali pamasewero. Woimbira ataliza wezulo, pyee! munthu uja ananjuta pansi nthawi yomweyo. Pakati pa msewu! Thumba lili paphewa, mutu uli pansi, zii. Kenako anadzidzimuka ngati wadzuka kutulo, n'kuyang'ana uku ndi uku, ulendo. Ine ndinati kaya ndi matenda, kaya ndi pemphero la mtundu wina."

Makasitomala anaseka. Sajeni sanaseke. Ankadziwa malo amodzi okha kumene wezulo ikalira munthu amanjuta asanaganize n'komwe, kudikira kuti amuwerenge. Kumeneko n'kumenenso supuni imasanduka mpeni, singano, kapena sikuludiraiva.

*

Kwawo kwa Kabatani kunali kuseri kwa msika, chipinda chimodzi cha lendi pamzere wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anali panja, atawerama pabeseni, akuchapa zovala za eni ake. Manja awo anali oyera mbuu ndi sopo, ming'alu ili m'zala. Ataona yunifolomu sanaweramuke.

"Mayi, ndabwera pa nkhani ya mwana wanu."

"Ndamva."

"Dzulo masana anali kuti?"

"Kumpopi ndi ine. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mabulangete asanu ndi atatu. Kafunseni aliyense."

"Kiyi anali naye m'khosi?"

"Pochapa amavula. Kachingwe kakanyowa kamamutupitsa khosi. Amakoleka pamsomali kuseri kwa chitseko."

"M'nyumba muno mumagona angati?"

"Awiri."

Sajeni anasuzumira m'chipindamo. Pathandala panali mbale zitatu zotsukidwa. Pakona panali bulangete lopindidwa mwa makona anayi, losalala ngati alisita, ndipo pamwamba pake panali kapu yovundikira. Sajeniyo anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kunyumba, ndipo ankadziwa kuti m'nyumba ya mayi wotopa mulibe chopindidwa choncho. Mapindidwe amenewo amaphunzitsidwa ndi ndodo.

"Wachitatu ndani?"

Apo mayi aja anaweramuka. Anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono, namuyang'ana m'maso.

"Simukundikumbukira eti? N'zoona, tinali ambiri. Ndinakugwadirani pakhomo la ofesi yanu zaka zisanu zapitazo. Munali musananenepe, mulibe mizere paphewapo. Munandiuza kuti, 'Mayi dzukani, mukudetsa chitenje.'"



"Pamlandu wa nsapato uja ndinatuma mng'ono wanga dala," anapitiriza mayiwo. "Ndinkaopa kuti mukandiona mudzati, aa, ndi banja lija la akuba. Ana angawa abambo awo ndi osiyana, maina ndi osiyana. Simukadadziwa."

Koma tsopano Sajeni anadziwa. Unali mlandu wake woyamba atangoyamba ntchito. Mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu, miyendo ngati timitengo, anagwidwa ndi nkhunda ziwiri m'malaya, zochokera m'khola la munthu wina wolemera. Nkhundazo zinabwerera kwa mwini wake zili zamoyo. Mwanayo ndiye sanabwerere. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri m'chitokosi pamodzi ndi akuluakulu kudikira mlandu, kenako anamutumiza kumalo a ana. Kumeneko anathawa kawiri, ndipo kuthawa kulikonse kunamuwonjezera zaka. Sajeni ankangomva za iye patalipatali, dzina lake lenileni litaiwalika, aliyense akungoti Nkhunda.

"Anatuluka liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Ali kuti?"

Mayi aja anabwerera pabeseni, nayamba kufikisa kolala ya shati mwamphamvu ngati yawalakwira.

"Mayi, ndimvereni. Pofika folo koloko ndiyenera kulemba dzina pafayilo. Ndikapanda kumupeza amene anatenga kiyi pamsomali paja, dzina lolembedwa likhala la mwini kiyi. Mawa m'mawa akwera galimoto."

"Ndiye mwabwera kuti ndisankhe? Ndikupatseni uti, wamkulu kapena wamng'ono? Onse ndinawabereka ndi mimba yomweyi, asajeni. Inu muli naye mwana?"

"Ndili naye."

"Akuyamwa?"

"Eya."

"Muzimuyang'anitsitsa."

Kenako, osadzutsa mutu, mayiwo analoza ndi chibwano cha kumtunda.

"Nyumba yosamaliza ija kuseri kwa chigayo. Masana amakhala kumeneko. Akuti m'chipinda chokhala ndi chitseko mpweya umamuthera."

*

Nyumbayo inalibe denga, ndipo udzu unali utamera m'zipinda. Sajeni anamupeza m'chipinda chakumapeto, atatsamira khoma. Anali atatalika, mapewa atatambasuka, pachipumi pali chipsera chofika m'tsitsi. Atangoona yunifolomu anatsetsereka n'kunjuta, manja pamawondo, maso pansi.

"Dzuka. Sindinabwere kudzakuwerenga."

Sanadzuke. Sajeni anatulutsa mpini wa supuni uja, nauika pansi patsogolo pake.

"M'dirowa munali sikuludiraiva weniweni. Dzanja lako linali pafupi naye chonchi."

"Sindinaganizeko zotsegula dirowa, bwana," anayankha ndi mawu okhuthala, otsika. "Ndinazolowera kuyenda ndi wanga."

"Makina ali kuti?"

Analoza mulu wa njerwa zosweka. Thumba linkaonekera pansi pake.

"Ndinapita nawo kwa munthu wina wogula zakale. Anawatembenuza, n'kundiseka. Akuti mulibe kachitsulo kena ka pansi, ndibwere nako kaye. Ine ndikadziwira kuti? Zimene ndinaphunzira kuja n'zina."

"Unkafuna chiyani?"

"Kuchoka. Kupita kutali koti munthu akandiona asanene kuti Nkhunda uyo. Ndayenda masabata atatu, bwana. Kumaganyu omanga, kotsuka magalimoto, konyamula katundu. Akangoona chipserachi amati tadzaza. Ndikabwera kunyumba mayi amagawa mbale ya mlongo wanga pawiri, iye n'kumanama kuti wadya kuntchito. Ndimati amayi a shopu aja ndi olemera, agula ena. Kiyi ndinabwezera pamsomali. Ndimati palibe adziwe."

"Ukudziwa kuti mlongo wako ali pashopu paja chifukwa cha khoti?"

Kwa nthawi yoyamba anadzutsa mutu.

"Khoti lanji? Ija ndi ntchito. Anandiuza kuti ndi ntchito."

"Anagwidwa ndi nsapato pamsika. Anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi kwa telala m'malo mwa kumene unali iwe. Yatsala iwiri. Mlandu uwu ukamugwera, mawa akupita."

"Kuja?"

"Kuja."

Mnyamatayo anaimirira pang'onopang'ono. "Kumbali ya atsikana kuja, bwana, inu simukudziwa. Ife tinkamva kudzera pakhoma." Anagwira kumutu ndi manja onse. "Sanandiuze bwanji? Ndikadadziwa, kiyi uja sindikadamuyang'ana n'komwe."

"Ankachita nawe manyazi. Ankafuna uziti m'nyumbamo watsala mmodzi wosadetsedwa. Lero wakhala chete m'mawa wonse anthu akumutukwana. Akudziwa kuti ndiwe."

"Ndili ndi zaka eyitini tsopano," anatero mnyamatayo. "Ndinakwanitsa mwezi watha. Ndiye kuti kwa akuluakulu."

Sajeni sanamunamize. "Kwa akuluakulu."

Mnyamatayo anafukula thumba lija, naliponya paphewa.

*

Anadutsa nalo pamsika dzuwa lili pamutu, anthu akusiya malonda n'kumawatsatira. Pashopu analitsitsa pathebulo mosamala. Mayi telala anavundukula makinawo, nawasisita paliponse, napukusa gudumu ndi dzanja. Linazungulira bwinobwino. Mayiwo analira pang'ono, kenako anamina.

"Mayi," anatero Sajeni motsitsa mawu, "katundu wanu wabwera wathunthu. Mutafuna, mukhoza kupita kwa bwana kukanena kuti nkhaniyi mwaisiya."

"Ndiisiye kuti anthu awa azinena chiyani?" Analoza khamu la pakhonde. "Aziti anagwirizana pachibale, wina kupereka kiyi, wina kunyamula. Ndani adzasiyenso nsalu yake pano mtsikanayu ali pamakina? Ine mwanayu ndikumufuna, asajeni. Dzanja lake ndi labwino, kolala amaidziwa kale kuposa mwana wanga wobereka. Koma kuti akhale, papepala palembedwe poyera kuti wakuba ndi wina, ndipo iye sankadziwa. Apo ayi atengeni onse awiri."

Sajeni anafuna kukangana nawo, koma ankadziwa kuti ngakhale bwana wake anena zomwezo. Chitseko chinatsegulidwa ndi kiyi wa mwanayo. Popanda wovomera kuti anatenga kiyiyo mobisa, mlandu unali wake.

"Ndinawapatsa ndine kiyiyo!" Kabatani anadzuka pathumba paja, mawu akutuluka mokuwa. "Achimwene sanabe kiyi, ndinawapatsa ndekha! Lembani choncho!"

"Khala chete iwe," anatero mchimwene wake, osakweza mawu.

"Ine ndi mwana, sangandisunge nthawi yaitali. Inu akakutengani..."

"Ndati khala chete. Ukudziwa chiyani za nthawi yaitali? Inenso anati miyezi yochepa." Anatembenukira kwa Sajeni. "Akunama, bwana. Anali kumpopi. Kiyi ndinatenga pamsomali iye kulibe. Lembani zimenezo, ndisayina." Kenako anayang'ana mlongo wake. "Umalize miyezi yakoyo. Ukamaliza uzisoka. Mayi asamachapenso mabulangete a anthu, wamva?"

Mtsikanayo anadzigwetsa pansi. Mayi telala anamudzutsa, namukumbatira pachifuwa, nauza anthu a pakhonde kuti sinema yatha, azipita.

Sajeni sanatulutse unyolo. Anayenda limodzi ndi mnyamatayo mumsewu wa fumbi wopita kupolisi, ngati anthu awiri ochokera kumaliro amodzi. Mabere ake anali atadzaza, akupweteka, nthawi yoyamwitsa itadutsa kalekale. Anadutsa chigayo, nadutsa sukulu, ana akuimba matebulo a masamu m'kalasi.

"Bwana, ndifunse nawo?"

"Funsa."

"Zimenezi zomupatsa mwana ntchito m'malo momutsekera, n'zabwino ndithu. Zinayamba liti?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mkwiyo. "Ine ndiye kuti ndinangofulumira kubadwa eti? Zikadandipeza, bwenzi pano ndili kalipentala kapena makaniko."

Kunali kosavuta kuvomera. Mawu amodzi okha, eya, ndipo mnyamatayo akadalowa m'chitokosi akuimba mlandu tsoka lake. Sajeni anayenda mapazi khumi asanayankhe.

"Zinalipo kale," anatero. "Nthawi yako ija zinalipo. Fomu yake inali m'dirowa yanga. Inali ya masamba anayi, ndipo inkafuna kuti ndiyende wapansi kukafuna wa zosamalira ana kuti asayine, kenako ndikapeze mmisiri woti akulandire. Linali Lachisanu masana. Ndinkafuna mlandu wanga woyamba uoneke kuti watha."

Mnyamatayo anaima. Anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akuwerengera chinthu m'mutu, n'kumalephera kuti chikwane.

"Masamba anayi," anatero.

"Anayi."

Anagwedeza mutu, napukuta thukuta pachipumi ndi kuseri kwa dzanja. Geti la polisi linali litaonekera patsogolo pawo.

"Musavutike kunditsogolera, bwana," anatero. "Njira yake ndikuidziwa."

Ndipo analowa yekha, Sajeni akubwera pambuyo.